Mapu Amene Ndinapaka Pakhonde

Abale ndi alongo, amene mwakhala kumbuyo sunthirani kuno, chifukwa mawu anga anapsa ndi kachasu ndipo safika patali. Dzina langa ndine Msiska. Ena mwa inu munandionapo ndili mu suti ku City Centre, ena munandionapo nditagona m'ngalande kuseri kwa depoti m'tauni muno. Nonse munaona munthu mmodzi yemweyo. Atsogoleri a gulu lathu andipempha kuti ndinene mmene ndinasiyira mowa, koma sindingathe kunena za mowa osanena za mapu, ndiponso za mtsikana wina dzina lake Esinati, amene anasiya sukulu ali Fomu 3 chifukwa cha ine. Mowa unawononga ine, zimenezo n'zanga. Koma cholembera changa chinawononga mwana wa eni, ndipo n'chimene chimandiwawa mpaka lero.

Kwathu ndi ku Rumphi, koma ndinabadwira ku Zomba. Pamene likulu linkasamuka, bambo anga anali wojambula mapu m'boma, ndipo tinabwera kuno pa lole, ine nditakhala pamwamba pa matiresi, wailesi nditaifungatira. Nthawi imeneyo ku City Centre kunali tchire, fumbi ndi zikwangwani zoloza nyumba zimene zinali zisanamangidwe. Bambo ankabwera ndi mapu kunyumba n'kuwayala patebulo. Apa nyumba zazikulu zotalikirana, apa nyumba zazing'ono zothithikana, uku maofesi, uku msika. Ndinakula ndikukhulupirira kuti mzinda ndi pepala, ndipo ukaudziwa papepala ndiye kuti waudziwa wonse. Atamwalira anandisiyira Baibulo la Chitumbuka ndi mapu amodzi a mzinda uno. Baibulo ndinaliika pamwamba pa kabati, mapu ndinawaika pafupi.

Ndinaphunzira, ndinalowa m'boma, ndinakwera mpaka kukhala mmodzi wa olemba ndondomeko mu ofesi ina, dzina lake musandifunse. Nyumba ya boma ku Area 14, galimoto, ndipo kumpingo ndine ndinkawerenga zolengeza. Mowa ndinkamwa, koma uja wa anthu aulemu, wa Lachisanu, wothira m'tambula. Panyumba tinali ndi a Jailosi, bambo wachikulire wa m'boma lomwe lino la Lilongwe, amene ankasamalira maluwa ndi kapinga. Ankabwera pa njinga m'mawa uliwonse kuchokera ku Area 10, kumene akazi awo, anaPhiri, ankaphikira azungu ena. Ankakhala m'kanyumba ka antchito kuseri kwa nyumba yaikulu, kaja timati boyizi, pamodzi ndi mwana wawo wotsiriza, Esinati uja. Zaka zonsezo sindinawafunsepo kuti amakhala bwanji. Ndinkangodziwa kuti amachokera ku Area 10, basi.

Mliri wa kolona utafika, anatiuza kuti masiku ena tizigwirira ntchito kunyumba. Abale, munthu wokonda mowa mukamuuza kuti agwirire ntchito kunyumba, mwamupatsa makiyi a bala. Lachisanu linasanduka Lachitatu, Lachitatu linasanduka Lolemba m'mawa. Mliriwo unandipatsanso mphatso ina, masiki. Anzanga inkawateteza ku matenda, ine inkanditeteza ku mphuno za abwana. Ndinkalowa mu ofesi nditakhuta, n'kupereka moni waulemu nditaima patali monga ankatilangizira, ndipo anthu ankanditama kuti a Msiska amatsata malamulo.

Mliri utazizirako, tinapatsidwa ntchito yolemba ndondomeko yodzutsa anthu a mumzinda uno. Amene ntchito zinawathera alandire kangachepe koyambira geni, ana awo amene anasiya sukulu abwezedwe m'kalasi. Nzeru yake inali yabwino, sindikuinyoza. Funso linali limodzi lokha: tithandize ndani? Zinakonzedwa kuti tiyende mzinda wonse kwa sabata ziwiri, tikaone ndi maso athu. Koma inu amene munagwirapo m'maofesi mukudziwa, munthu wogona kunyumba kwake salandira alawansi. Kuyenda mu Lilongwe uli wa mu Lilongwe kulibe kanthu. Ndiye tinagwirizana, ine ndikutsogolera, kuti tikafuna kumvetsa bwino mavuto a mu Lilongwe tiyenera kutuluka mu Lilongwe. Mukuseka, koma zinalembedwa m'kalata n'kudindidwa chidindo. Tinapita ku hotela ina m'boma lina, sabata ziwiri tikudya nkhuku, tikukangana za mtundu wa chikuto cha lipoti. Osauka a mumzinda tinkawaonera pakhoma, pa zithunzi za kanema, ndipo ine zithunzizo ndinkaziona ziwiriziwiri.

Titabwerera, abwana anati akufuna mndandanda wa madera mawa lake m'mawa. Ndinatulutsa mapu a bambo anga, n'kukhala pakhonde ndi botolo pambali. Cholembera chofiira ndinali nacho, chobiriwira chinali chitauma, ndiye ndinatuma a Jailosi pa njinga kuti akagule. Madera othithikana ndinawapaka chofiira, amenewo athandizidwe. Madera a mipanda ndi mageti ndinawapaka chobiriwira, amenewo ndi olemera. Pansi pake ndinalemba chiganizo chimene ndinachikonda kwambiri: "Aliyense wokhala m'dera lobiriwira ndi wodzidalira, ndipo asalembedwe." Ntchito ya sabata ziwiri ndinaimaliza botolo lisanathe. Mawa lake anandiombera m'manja kuti ndine wachangu.

Kuchokera pamenepo ndinatsetsereka mofulumira, ndipo ndinena mofulumiranso. Mliri unabweranso mwaukali, mantha anandigwira, ndinachotsa a Jailosi ntchito poti amayenda pakati pa anthu. Sindinawauze ndekha, ndinatuma akazi anga, ine ndikusuzumira pawindo. Anthu atasiya kuvala masiki, fungo langa linayamba kufika mu ofesi ine ndisanafike. Tsiku lina pamsonkhano wa alendo opereka thandizo ndinadzuka kuti ndilankhule, ndinagwa pamodzi ndi mpando, n'kukoka nsalu ya patebulo ndi makapu onse. Kalata yoyamba, kalata yachiwiri, yachitatu inali yondichotsa. Nyumba ya boma inapita. Akazi anga anatenga ana n'kupita ku Rumphi, ndipo sindiwadzudzula ngakhale pang'ono. Galimoto ndinamwa, firiji ndinamwa, masuti ndinamwa imodziimodzi. Anzanga a ku mahotela aja mafoni awo anasiya kugwira. Ndinatsika kuchoka pa mowa wa m'tambula kufika pa kachasu wa m'kabotolo ka mankhwala, kuno ku Old Town. Chimene sindinagulitse ndi mapu okha, chifukwa panalibe wogula.

Tsopano ndilankhula pang'onopang'ono, chifukwa apa ndi pamene pali nkhani.

Tsiku lina masana, dzuwa lili paliwombo, ndinali nditakhala m'mphepete mwa ngalande, miyendo ili m'kati. Njinga inaima patsogolo panga.

"Bwana, ndinu?"

Ndinawazindikira mawu. Ndinaweramitsa mutu. "Si ine."

"Nsapatozo ndazipukutapo ine. Dzukani."

Anali a Jailosi, atabwera kudzagula mbewu ya mpiru kumsika. Anandikweza pa kaliyala, iwo n'kumakankha njinga wapansi chifukwa ndinkapendama, mtunda wonse wochokera m'tauni kukafika ku Area 10. Amene mukuudziwa mtundawo mukudziwa chimene ndikunena.

Ku Area 10 ndinali nditapitako kambirimbiri, kumaphwando, polowera kutsogolo. Tsiku limenelo ndinalowera pa kageti kakang'ono. Nyumba yaikulu inali yokhoma. Azungu aja anakwera ndege mliri utangoyamba ndipo sanabwerenso. Mwini nyumba anawalola a Jailosi ndi anaPhiri kukhalabe m'boyizi kuti aziyang'anira malo, popanda malipiro. Mmene munali maluwa anadzalamo mpiru ndi maungu. AnaPhiri anayesa kugulitsa tomato pageti, koma mugulitsa ndani m'msewu umene anthu amadutsa pa galimoto magalasi atatseka?

AnaPhiri anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku nsapato zija, kenako anatembenukira amuna awo. "Abambo a Esinati, ufa wake uti?"

"Ugawike womwewo," anatero a Jailosi.

"Munthu anakuchotsani ntchito ali pawindo."

Ndiye kuti anandiona. Manyazi amene anandigwira anaposa mowa umene unali m'mutu.

Anandipatsa kachipinda kosungiramo makasu ndi mapaipi othirira. Pakhoma panali msomali, pamsomalipo yunifolomu ya sukulu yokutidwa m'pepala la pulasitiki, yosita bwinobwino. Patapita masiku ndinafunsa kuti mwini wake ali kuti.

"Ali kumudzi, kwa atsibweni ake," anatero anaPhiri. "Sukulu zitatsegulidwa fizi inasowa, ndipo pano chakudya sichikwana. Alongo anga anena kuti tikakolola, ngati sadzakhala ali pasukulu, pali mwamuna wina wogula soya amene watumiza kale mawu. Akuti mtsikana wamkulu sangamangokhala."

Ine, chidakwa chovala malaya obwereka, ndinadzuka ngati ndili pamsonkhano. "Koma pali ndondomeko! Ana onse osiya sukulu akubwezedwa. Bwanji simunakalembetse?"

"Tinapita," anatero a Jailosi. "Anatibweza."

"Simunalankhule bwino. Zinthu izi zimafuna munthu wozidziwa. Mawa tipitire limodzi."

Kunyada kwa munthu wa mu ofesi sikugulitsika, abale. Masuti onse anapita koma iko kunatsala.

Kalembera wachiwiri ankachitikira pa sukulu ina ya pulayimale, tebulo lili pansi pa mtengo wa mango. Tinaima pamzere mpaka miyendo kuwawa, ndipo m'mawa umenewo ndinali ndisanalaweko. Patebulo panali mayi wina wachitsikana, waulemu wake, ndi kabuku ka malamulo pambali.

"Mumakhala kuti, bambo?"

"Ku Area 10," anayankha a Jailosi.

"Pepani, kumeneko sitikulemba."

Ndinalowerera. Ndinafotokoza kuti awa ndi anthu a m'boyizi, onse awiri ntchito inawathera, mwana wawo ali kumudzi. Ndinathiramo ndi Chingerezi kuti adziwe kuti akulankhula ndi ndani. Mayiyo anamvetsera mpaka ndinamaliza.

"Ndakumvani, bambo, ndipo si inu oyamba. Dzulo kunabwera alonda, ndinawabweza misozi ili m'maso. Koma ine ndimatsata kabuku aka."

"Ndani analemba zopusa zimenezi?" ndinakuwa, mpaka a pamzere anatembenuka. "Munthu wake anayendapo mumzinda uno? Ali ndi mutu?"

Mayiyo sanakwiye. Anatsegula kabuku, n'kuloza ndi chala, n'kuwerenga mokweza pang'onopang'ono monga amawerengera munthu wosaphunzira: "Aliyense wokhala m'dera lobiriwira ndi wodzidalira, ndipo asalembedwe." Tsamba loyang'anana nalo linali mapu. Anali atawachepetsa, koma ndinaona ngakhale pamene dzanja langa linatsetsereka n'kupaka kunja kwa mzere. Ndinakumbukira kuti pamenepo ndinali ndikufikira botolo.

Kunena zoona, mpaka mphindi imeneyo sindinalumikizepo zinthu ziwirizi. Ndinkakumbukira kuti ndinalemba ndondomeko yabwino yothandiza osauka. Sindinkakumbukira kuti ndinalembanso amene asathandizidwe. Ndinangoyang'anitsitsa tsambalo. Mayiyo anafunsa ngati ndikudwala, n'kuitana wotsatira.

Tinabwerera wapansi, njinga ili pakati pathu. Kenako ndinati, "A Jailosi, mapu aja ndinapaka ndine."

"Ndikudziwa, bwana. Cholembera chobiriwira ndinakagula ndine. Munkapaka ine ndikuthirira maluwa. Ndinaona mukupaka kwathu, ndinaganiza kuti chobiriwira ndiye chabwino."

Titafika mumsewu wa kwawo anaima n'kuloza geti lina lalikulu lakuda.

"Apo panali khola la ng'ombe la atsibweni anga. Ndili mwana, mudzi wathu unali konkuno. Kunabwera anthu ndi mapu ndi zikhomo, kenako malole, anatisamutsa kuti likulu limangidwe. Ndinabwerera ndili mnyamata kudzafuna ntchito ya maluwa pamalo pomwe tinkalima. Mapu amenewo ndimawadziwa kalekale, bwana. Ulendo woyamba anatichotsa, ulendo uno atibisa."

Analankhula opanda ukali, monga munthu akunena za mvula ya chaka chatha. Ndikanakonda akanandimenya.

"Nanga munanditoleranji m'ngalande muja?"

"Ndimati mwina mukadzionera nokha, mudziwa pofufuta. Ine kulemba sinditha."

Musaganize kuti ndinatoledwa ndi mngelo. Ndinatoledwa ndi bambo amene ankafuna mwana wake abwerere kusukulu, ndipo mwa anthu onse amene ankawadziwa, wodziwa khomo la ofesi ndinali ine, chidakwa. Ndinawalonjeza kuti andipatse mwezi umodzi. Nthawiyo mvula inali itangoyamba, ndipo ndinaona ngati kukolola kuli kutali.

Masana amenewo ndinafuna mowa kuposa tsiku lina lililonse m'moyo wanga. Chinthu choyamba chimene ndinachita, ndipo ndikupemphani muchigwire, ndinanena. Ndinawauza anaPhiri kuti mayi, ndikatuluka geti ili sindibwerera. Sanandilalikire. Anakhoma kageti n'kumangirira kiyi kunsonga ya chitenje. Tsiku lachiwiri ndinayamba kunjenjemera thupi lonse ndi kuona zinthu zoyenda pakhoma, ndipo a Jailosi anandikwezanso pa kaliyala kupita kuchipatala. Adokotala anati ndikanachedwa zikanaipa. Choncho amene mwamwa zaka zambiri, musasiye muli nokha m'chipinda ngati ngwazi, pitani kuchipatala akakuthandizeni kutsika. Chachiwiri, ndinabwera ku gulu lino, n'kukhala pampando wa kumbuyo uko, ndipo sindinajombepo. Chachitatu, ndinapeza chochita ndi manja ndi miyendo, chifukwa munthu wosiya mowa akangokhala, mowa umamupeza.

Ndinagula kope n'kuyamba ulendo umene ndinayenera kuyenda kale, uja tinausinthanitsa ndi nkhuku za ku hotela. Tsiku loyamba ndinkagogoda pamageti ngati mlendo wolemekezeka. Mlonda ankatsegula kabowo, n'kuona nsapato zanga, n'kunena kuti abwana kulibe. Ndinkati sindikufuna abwana, ndikufuna inuyo, ndipo kabowo kankatsekedwa mwachangu kuposa poyamba. A Jailosi anandiseka mpaka kutsokomola.

"Sukulu yonse ija, bwana? Wantchito simumupeza pageti. Mupezeni m'mawa potaya zinyalala, kapena masana pansi pa mitengo ya m'mbali mwa msewu akamapuma, kapena Lamulungu akamachokera kotchalitchi. Ndipo musayambe ndi kope. Yambani ndi moni."

Tinatero. Abale, kuseri kwa mipanda imene ndinaipaka chobiriwira kunali mudzi wathunthu. Alonda amene makampani awo anawachotsa, ophika, olera ana, ochapa, ena akukhala m'maboyizi a nyumba zokhoma ngati a Jailosi, ena atawadula malipiro koma akuopa kudandaula kuti angawatulutse. Ana osiya sukulu ndinawapeza akusewera mwakachetechete kuseri kwa matanki a madzi, chifukwa anaphunzitsidwa kuti mwana wa wantchito asamveke. Kope linadzaza, ndinagula lina. Zaka zonse ndinkadutsa m'misewu imeneyo pa galimoto, ndipo ndinkaona maluwa okha.

Ndinalemba kalata yaifupi yovomera kuti cholakwa chinali changa, n'kupempha kuti chiganizo chimodzi chisinthidwe. Chimodzi chokha! Ndinanyamula makope n'kupita ku City Centre, ku ofesi yanga yakale. Mlonda amene ankandichitira sawasha anandifunsa chiphaso. Anandikhazika pa benchi imene ine ndinkakhazikapo anthu, ndipo ndinazindikira kuti ili ndi msomali wotuluka umene palibe anandiuzapo.

"Abwana alipo?"

"Ali ku wekishopu," anatero mlembi.

"Ya chiyani?"

"Younika mmene ndondomeko ija yafikira anthu a mumzinda."

"Ikuchitikira kuti?"

Anatchula boma lina, ndi hotela yomwe ija.

Ndinafuna kukuwa, koma ndikanakuwira ndani? Njira imeneyo ndinawaphunzitsa ndine. Sabata yotsatira abwana anali atabwera koma ali pamsonkhano. Sabata ina kalata yanga inasowa, inadzapezeka pansi pa thireyi ya tiyi ili ndi chizindikiro cha kapu. Ndinalembanso. Anati nkhaniyi ikufuna komiti. Komiti inati singakumane popanda ndalama ya ulendo. Ndinati kumanani pompano, mipando ilipo, ine ndibweretsa madzi akumwa. Anandiyang'ana ngati ndatukwana. Mmodzi anandikokera pambali n'kunena kuti, "A Msiska, mukavomera kuti mapu analakwika, ndiye kuti tonse amene tinaombera m'manja tinalakwa. Mukufuna kutiyika pati?" Tsiku limenelo ndinatuluka n'kuima pakhomo pa bala lina mpaka miyendo inatopa, kenako ndinakwera minibasi kubwera kuno. Ena mwa inu mukukumbukira mmene ndinalowera.

Mwezi umene ndinalonjeza unatha, wachiwiri unatha. Chimanga chinamasula, chinakhwima, chinauma. Madzulo aliwonse ndikabwerera anaPhiri ankangondiyang'ana kumaso n'kupitiriza zimene akuchita. Loweruka lina anapita kumudzi. Anabwerera Lolemba, anakhala pa chidebe panja osamasula ngakhale mpango.

"Zatha," anatero. "Ankhoswe anakumana. Ndinalira, ndinakalipa, alongo anga anandifunsa kuti nanga fizi ili kuti. Ndikanayankha chiyani?"

Ndinalowa m'kachipinda kanga. Yunifolomu inali pamsomali pomwe paja.

Ndinapitirizabe kupita ku benchi ija, chifukwa m'makope munali mayina a ana ena. Amene anatsegula khomo pomaliza anali mayi wina amene kale anali pansi panga, ndipo ndinkamutuma kujambula mapepala ngakhale anali ndi maphunziro oposa anga. Anatenga makope aja kupita nawo kunyumba, anawerenga, ndipo Loweruka anabwera yekha ku Area 10 ndi mafuta akeake, popanda alawansi. Anakhala pa chidebe chomwe chija n'kumvetsera anaPhiri. Sindikudziwa anamenya nkhondo yotani kumtundako, koma chiganizo chinasinthidwa kuti munthu alembedwe malinga ndi mmene akukhalira, osati mtundu wa dera lake pa mapu. Mzere umodzi umene ndinaulemba botolo lisanathe unatenga dzinja lonse ndi masika kuti ufufutike.

Kalata yonena kuti dzina la Esinati lalembedwa itafika, ndinakakamira kuti tipite nayo kumudzi. Mumtima ndinkayembekezabe kuti wina andiombera m'manja, matenda a mu ofesi sachira msanga. Tinamupeza akupeta pakhomo pa kanyumba katsopano, ndipo ngakhale ine wosadziwa zinthu ndinaona kuti ndi woyembekezera. Anagwada, analandira kalata ndi manja awiri, anaiwerenga mpaka pansi, anaipinda bwinobwino n'kundibwezera.

"Zikomo, bwana," anatero. "Yalembedwa bwino. Ikanabwera tisanakolole."

Anabwerera kukapeta. Palibe mawu amene ananditukwanapo m'bala amene anandilasa ngati ulemu umenewo.

Ukwatiwo sunakhalitse. Msika wa soya utatha mwamuna uja anapita ndipo sanabwerenso. Mwana atabadwa, anaPhiri anakawatenga onse awiri. Ndi kangachepe kamene analandira anayamba kuphika mandasi n'kumagulitsa kwa alonda ndi antchito omwe aja tinawalemba m'kope, amene tsopano ankadziwana. Mayi wa ku ofesi uja anathandiza kuti malo a Esinati asungidwe, ndipo chaka chotsatira anabwerera ku Fomu 3. Anzake amene anayamba nawo anali atamaliza.

Ine ndili pati lero? Ntchito ya m'boma sinabwerere, ndipo sindikuilira. Ndimakhala pa katebulo m'tauni muno kulembera anthu makalata ndi kuwadzazira mafomu, ndipo fomu iliyonse ndimaiwerenga ngati ili ndi msampha, poti ndikudziwa mmene misampha imalembedwera. Akazi anga tsopano amayankha foni, sanabwerere koma amayankha. Ndimagonabe m'kachipinda ka makasu, ndipo ufa ndimagula nawo.

Muno ndikuona nsapato ziwiri zitatu za mu ofesi, musabise miyendo. Sindikukutsutsani, ndikungokupemphani. Mukapatsidwa ntchito yolemba za anthu, kaya ndi zodzutsa chuma kaya ndi zobwezera ana kusukulu, pitani mukawapatse moni musanatsegule cholembera. Akakuuzani kuti mukaganizire za Lilongwe kunja kwa Lilongwe, kanani, alawansi imeneyo ndinaidya ine ndipo ndikudziwa mtengo wake. Ndipo inu anzanga a botolo, tisamadzinamize kuti timangodzipweteka tokha. Ine ndinkanena zimenezo ndili pakhonde, cholembera chili m'manja.

Ludzu limabwerabe, sindikunamizani. Koma yunifolomu ija itatsitsidwa pamsomali sinamukwane Esinati, poti thupi la mayi si la mtsikana. AnaPhiri anapita nayo kwa telala wa pakhonde m'tauni muno kuti aikuze, ndipo telalayo analibe nsalu yofanana. Anaikamo kansalu kotuwirako m'mbali, kuyambira m'khwapa mpaka m'chiuno. M'mawa uliwonse Esinati amapereka mwana kwa amayi ake, amanyamula mabuku, amandipatsa moni waulemu n'kutuluka pa kageti kakang'ono. Ine ndimaima pamenepo ndi kapu ya tiyi, n'kuyang'ana kansalu kameneko mpaka akhote pakona. Telala anangosoka, koma amene anaika kansaluko ndine. Ndikakaona, tsiku limenelo sindimwa.